Chitsulo Chikapyapyala Kwambiri, Magetsi Amayendamo Bwanji?

Waya wamba aliyense amatentha magetsi akamadutsa, chifukwa maelekitironi, tizinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, amagundana ndi maatomu a chitsulocho n'kumataya mphamvu panjira. Mu 1911, ku Leiden m'dziko la Netherlands, Heike Kamerlingh Onnes anaziziritsa mercury mpaka madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo anaona kuti kukaniza magetsi konse kwa chitsulocho kwatheratu, moti magetsi ankangodutsa osataya kanthu. Khalidweli limatchedwa superconductivity. Mu 1957, Bardeen, Cooper ndi Schrieffer anafotokoza gwero lake: kukazizira chonchi, maelekitironi amagwirana awiriawiri, ndipo magulu onsewo amayenda mogwirizana ngati chinthu chimodzi.

Funso limene ine ndimaliona kuti n'lofunika kwambiri ndi lakuti, kodi mgwirizanowu umapirira mpaka pati chitsulo chikamapyapyala, kufikira kukhuthala kwake kutangotsala maatomu owerengeka? Pachitsulo chokhuthala nkhani si yovuta. Mu 1959, Philip Anderson anasonyeza kuti zinyalala za m'chitsulo zopanda maginito, ngakhale zitasokoneza mndandanda wa maatomu, sizisintha kwenikweni mlingo wa kuzizira umene khalidweli limayambira. Nthawi zina chisokonezo chimathandiza kumene. Buckel ndi Hilsch, ku Göttingen mu 1954, anamata nthunzi ya chitsulo chotchedwa bismuth pamalo ozizira kwambiri kotero kuti maatomu anauma pomwe agwerapo, osapeza mpata wondandalika bwino, ndipo bismuth wosokonezekayo anakhala superconductor pa madigiri 6 a Kelvin (muyeso woyambira pa kuzizira kotsiriza, ndiye kuti madigiri 267 pansi pa ziro), pamene bismuth wamba satero pakuzizira koteroko.

Koma chitsulo chikapyapyala, zinthu zimatembenuka, ndipo kafukufuku amene anaonetsa zimenezi bwino ndi wa Haviland, Liu ndi Goldman ku yunivesite ya Minnesota mu 1989. Iwo ankathira bismuth pang'onopang'ono pamwamba pa germanium, osatulutsa kachitsuloko m'chipangizo choziziritsira, ndipo akangowonjezera pang'ono ankayeza mmene kakukanizira magetsi, kenako n'kuwonjezeranso. Anayambira pa kukhuthala kosakwana theka la nanomita mpaka kupitirira nanomita 7. Tizikumbukira kuti nanomita miliyoni imodzi ndiyo imakwana milimita imodzi. Zotsatira zake zitajambulidwa papepala limodzi, mizere yosonyeza kukaniza magetsiko inagawikana ngati mphanda. Ya miyalo yokhuthalako inatsika mpaka pa ziro pamene kunkazizira. Ya miyalo yopyapyala kwambiri inakwera m'mwamba, kutanthauza kuti chitsulocho chinkatsekereza magetsi ngati galasi. Chitsulo chinali chimodzimodzi, ndipo kusiyana kwa muyalo wodutsitsa magetsi ndi wotsekereza kunali kochepa kuposa kukula kwa atomu imodzi.

Malire a mbali ziwirizo anagwera pafupi ndi maohm 6,450 (ohm ndi muyeso wa kukaniza magetsi), ndipo nambala imeneyi imachokera ku manambala awiri osasintha a m'chilengedwe, ya Planck ndi mphamvu ya magetsi imene maelekitironi awiri ogwirana amanyamula. Apa mpamene pali phunziro limene ambiri amaliphonya. Chimene chimalamulira si kupyapyala pakokha, koma kuchuluka kwa zopinga zimene elekitironi imakumana nazo ikapanikizidwa m'kampata kakang'ono. Zopingazo zikachuluka, maelekitironi amayenda mwapang'onopang'ono, salephera kukankhana monga mwa chibadwa chawo, ndipo kukankhanako kumaposa kamphamvu kofooka kamene kamawagwirizanitsa awiriawiri. Katswiri wina, Finkel'stein, anawerengera zimenezi mu 1987. M'zitsulo zina, makamaka zimene zimauma ngati timibulu totalikirana, magulu a awiriawiri aja amakhalapo ndithu, koma gulu lililonse limakhala palokha pakambulu kake, osamvana ndi anzake, choncho magetsi sadutsa. Akatswiri akutsutsanabe kuti njira iti mwa ziwirizi ndiyo imalamulira m'chitsulo chilichonse, ndipo ine ndikuona kuti kufuna yankho limodzi la zitsulo zonse ndiko kulakwitsa.

Umboni wakuti vuto lalikulu ndi chisokonezo unadza mu 2010, pamene gulu la Xue Qikun ku China linayala mtovu muyalo umodzi wokha wa maatomu, wondandalikidwa bwino pamwamba pa silicon. Muyalowo unakhalabe superconductor pa madigiri pafupifupi 1.8 a Kelvin, ngakhale kuti mtovu wokhuthala umayambira pa 7.2.

Kufooka kumeneku kuli ndi ntchito yake. Kuyambira mu 2001, pamene Gol'tsman ndi anzake anaonetsa njirayi, timawaya ta niobium nitride tokhuthala nanomita zochepa chabe timagwiritsidwa ntchito pozindikira kuwala kochepetsetsa. Kawayako kamayikidwa dala pafupi ndi malire amene superconductivity yake imathera, kotero kuti kadontho kamodzi ka kuwala kakagwerapo, superconductivity imasweka pamalopo kwa kanthawi kochepa, ndipo chipangizo chimawerenga kuti kadontho kamodzi kafika.