Kodi popanda Hitler atsamunda akadalipobe?

Pali maganizo akale oti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, imene Hitler wa ku Germany anayambitsa, ikanapanda kuchitika, azungu bwenzi akulamulirabe maiko a ku Africa ndi Asia mpaka lero. Nkhondoyo inafulumizitsadi zinthu, poti Britain inatulukamo ili ndi ngongole zosaneneka, koma khoma la utsamunda linali litayamba kale kung'aluka.

Taonani dziko la Philippines, limene linkalamulidwa ndi America. Mu 1934, nkhondo isanayambe n'komwe, aphungu a ku America anakhazikitsa lamulo lolonjeza dzikolo ufulu pakatha zaka khumi za boma lokonzekera. Ufuluwo unabweradi pa 4 July 1946. Iraq nayo inali italandira kale wake mu 1932.

Ku India ndiye nkhani inali itapsa. Chipani cha Congress chinayamba mu 1885. Mu 1930 Gandhi, mtsogoleri wa omenyera ufulu, anayenda wapansi kwa masiku 24 kukafika kunyanja ku Dandi, n'kuwerama kutola mchere, kuswa dala lamulo la atsamunda loletsa anthu kudzipangira mchere. Anthu masauzande ambiri anamangidwa pomutsatira. Pofika 1937, Congress inali ikuyendetsa maboma a zigawo zambiri. Anthu otere mukanawauza chiyani kuti akhale chete zaka zina makumi asanu?

Ena amaloza Portugal, amene sanamenye nawo nkhondo yachiwiri ija ndipo anakakamira Angola ndi Mozambique mpaka 1975. Komatu amene anamuchotsako si Hitler. Eni nthaka anatenga mfuti, nkhondo inatha zaka zoposa khumi, mpaka asilikali a Portugal omwewo, atatopa, anagwetsa boma lawo ku Lisbon pa 25 April 1974.