Jenolo ya pa intaneti si yopepuka kuposa ya papepala

Ophunzira ena m'makoleji a ku Chipata amakhulupirirabe kuti kafukufuku weniweni ndi wa m'buku lokhala pashelefu, wa pa foni ndi wongotola. Ayi ndithu. Chimene chimapatsa nkhani ulemu mu jenolo, magazini yosindikiza zotsatira za kafukufuku, ndi kuunikidwa. Mkonzi amaitumiza kwa akatswiri, kawirikawiri awiri, amene amafufuza njira zimene wolemba anatsata, mawerengero ake ndi zimene akuti wapeza. Angaibweze kuti ikonzedwe kapena kuikaniratu, ndipo zimatenga miyezi. Jenolo yomweyo imatha kutuluka papepala ndi pa intaneti, mawu ake osasiyana.

Choopsa chili kwina. Imelo imabwera yokuyamikirani, ikulonjeza kusindikiza nkhani yanu ya chimanga kapena mtedza m'sabata imodzi mukangolipira madola. Pamenepo palibe amene waiwerenga.

Musanadalire jenolo, sakani dzina lake pa DOAJ, kaundula wa majenolo owerengedwa mwaulere pa intaneti amene anayamba mu 2003, kapena pa tsamba la AJOL (African Journals Online) ngati ndi ya mu Africa. Nambala ya DOI, yomwe imazindikiritsa nkhani pa intaneti, imayamba ndi 10; ilembeni pa doi.org muone ngati ikukufikitsani pa nkhani yomweyo. ISSN yokha isakupusitseni: manambala 8 amenewa amangozindikiritsa jenolo, sanena za ubwino wake.