Kugona pang'ono kumanenepetsa komanso kumakweza BP

Ku kiliniki ya BP ndi shuga tikafunsa za mchere, mowa ndi fodya anthu amayankha bwinobwino, koma tikafika pa funso loti mumagona maola angati ambiri amadabwa, ena mpaka amati adokotala zimenezo zikugwirizana bwanji ndi kunenepa kwangaku. Zikugwirizana kwambiri, kungoti kuno ku Ntcheu tulo timatiyesa ulesi, amene timamutama kuti ndi wolimbikira ndi uja wagona 12 koloko nkudzuka 4 koloko kuthamangira ku Tsangano kapena ku Lizulu kukapikula kachewere. Kulimbikirako sindikukutsutsa ayi, ana adya chani tikangogona, koma thupi limalipira ndithu.

Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9 usiku uliwonse, ana a ku sekondale 8 mpaka 10. Akachepa, choyamba kusokonekera ndi njala. M'thupi muli mahomoni awiri amene amayendetsa nkhani ya kudya, ghrelin amachokera m'mimba ndipo ndi amene amakuuzani kuti idyani, leptin amachokera ku mafuta a m'thupi ndipo amauza ubongo kuti basi mwakhuta. Mu 2004 ku University of Chicago anatenga anyamata athanzi 12 nkuwagoneka maola 4 okha masiku awiri, leptin anatsika ndi 18%, ghrelin anakwera ndi 28% poyerekeza ndi pomwe anagona maola 10. Ndipo njala yake siyofuna mpiru kapena nyemba ayi, imakhala yofuna zotsekemera, zamchere ndi zokhutitsa msanga. Nde taganizirani mayi wa geni amene wagona maola asanu, pofika 9 koloko wamwa tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi awiri, masana tchipisi cha pa chiwaya ndi chozizilitsa kukhosi, madzulo nsima mitanda itatu kapena inayi chifukwa watopa, iyeyo akuona ngati ndi ntchito ikumudyetsa pomwe mbali ina ndi tulo tomwe sanagone. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati shuga wothira asapose pafupifupi magalamu 50 pa tsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, koma botolo limodzi la Coca-Cola la 500 ml lokha lapyola kale pamenepo.

Palinso za insulin, amene amalowetsa shuga m'minofu kuchokera m'magazi. Ukamagona pang'ono masiku otsatizana thupi silimumveranso bwino insulin uja, shuga amachedwa kutsika ukadya, zikapitilira zaka ndi momwe matenda a shuga amapezera njira makamaka ngati kubanja kwanu alipo kale.

BP nayo imayenera kutsika usiku munthu akagona, ndi nthawi imene mtima ndi mitsempha zimapumako. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo samadziwa nkomwe. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kuposa muyezo. Izi sizamtauni zokha, pa boma pompano tikuziona.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mkonono. Timauseka, timati bambo agona tulo tofa nato, koma pali mkonono wina woti munthu akuliza kenaka zii, wasiya kupuma masekondi angapo, kenaka nkudzidzimuka ngati watsamwa, ndipo zimachitika kambirimbiri usiku umodzi iye osadziwa. Amadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kouma, masana amangosinza ngakhale ku tchalitchi kapena pa chiwongolero, nde tangoganizani dalaivala wa minibasi pa M1 pano. Matendawa ndi sleep apnea, amakonda anthu a khosi lonenepa ndi mimba yaikulu, amakweza BP ndipo nthawi zina ndi chifukwa chake mankhwala a BP amaoneka ngati sakugwira. Amayi, inuyo ndi amene mumamva zimenezi usiku, chonde tiuzeni mukabwera nawo abambowo. Kugonera chammbali, kusiya mowa wamadzulo komanso kutsitsako sikelo zimathandiza.

Za mowazo, ambiri amati ndimamwako kachasu kapena Chibuku kuti ndipeze tulo. Inde umakugwetsa msanga, koma pakati pa usiku umakudzutsa, kukodza pafupipafupi, tulo take todukaduka, komanso umafooketsa minofu ya kukhosi nde mkonono uja umachita kunyanya. Khofi, tiyi wakuda kwambiri ndi ma energy drink amene anyamata a kabaza akonda masiku ano, caffeine wake, uja amathamangitsa tulo, theka limakhala likadali m'magazi patatha maola pafupifupi asanu, mukamwa 5 koloko madzulo musadabwe 10 koloko maso ali gwa. Foni nayo, kuwala kwake kumachedwetsa melatonin amene amabweretsa tulo, koma kunena zoona vuto lalikulu ndi loti WhatsApp ndi TikTok sizitha, bandulo yausiku yotchipa ija ikutidyera maola ambiri.

Ine ndimalangiza zochepa. Nthawi yodzuka ikhale imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale Lamulungu, nkuwerenga chobwerera maola 7 kuti mudziwe yogonera. Nsima yamadzulo idyedwe maola awiri kapena atatu musanagone, mitanda ichepe ndiwo zamasamba zichuluke. Yendani pansi mofulumirako mphindi 30 masiku asanu pa sabata, amene amalima ndi khasu akukwanitsa kale koma ife a mu ofesi ndi m'mashopu tazolowera kabaza ngakhale pafupi pomwepa. Alonda, anamwino ndi onse a shifiti yausiku, masana tsekani mawindo ndi nsalu yakuda kuti muchipinda mude, auzeni anawo kuti mukugona osati mukungocheza, ndipo usiku pa ntchito musamadye zambiri. Mwezi wa Juni ndi Julaye kukazizira musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, mpweya wake sununkha ndipo umapha anthu ali mtulo, onjezerani bulangete basi.

Ngati mwayesa zonsezi koma patha miyezi itatu tulo tikuvutabe, kapena mukungodzuka 2 koloko ndi maganizo osagonanso, kapena mukudzuka kukakodza kangapo ndi ludzu losatha, kapenanso mukuonda osadziwa chifukwa, bwerani kuchipatala ndi buku lanu tikuyezeni BP, shuga ndi zina. Musakagule mapilitsi ogonetsa pa msika kapena kumwa a mnzanu, ena mwa iwo thupi limawazolowera msanga ndipo kwa munthu wa mkonono wosiya kupuma uja amaonjezera vuto.