Nikita Simonyan ndi chaka cha 1973 ku Yerevan

Pafupi ndi bwalo la zamasewero la Hrazdan, mumzinda wa Yerevan, likulu la dziko la Armenia, pali ziboliboli za osewera mpira a timu ya Ararat ya m'chaka cha 1973. Amene anawaphunzitsa chaka chimenecho ndi Nikita Simonyan, munthu yemwe pa nthawi yake yonse yomenya mpira sanavalepo yunifomu ya timu ya ku Armenia.

Simonyan anabadwa mu 1926 ku Armavir, m'dziko la Russia, kwa makolo a mtundu wa Chiameniya, ndipo anakulira ku Sukhumi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha anapita ku Moscow, nayamba ndi Krylia Sovetov, kenako mu 1949 analowa Spartak Moscow. Kumeneko ndiye anaonetsa kuti golo amalidziwa: anamwetsa zigoli 160, zomwe palibe wosewera wina wa Spartak anazifikapo. Mu 1950 mokha anagoletsa 34 mu ligi, ndipo panadutsa zaka 35 kuti Oleg Protasov apose pamenepo. Anapata mendulo ya golide ndi timu ya Soviet Union ku Melbourne mu 1956, ndipo ku Sweden mu 1958 ndiye anachinya chigoli choyamba cha Soviet Union mu World Cup, pomwe anafanana mphamvu ndi England 2-2.

Zonsezi zinali za Moscow. Masiku amenewo Armenia inali kachigawo kakang'ono ka Soviet Union, ndipo nthawi zambiri zikho zinkazungulira kwa akuluakulu a ku Moscow, Kyiv ndi Tbilisi. Dzina la timu yawo nalonso linali ndi ululu wake, poti phiri la Ararat, limene anthu a ku Yerevan amaliona kukacha bwino, lili tsidya la malire, ku Turkey.

Ndiye Simonyan anafika mu 1973. M'ndime yomaliza ya chikho cha Soviet Union ku Moscow, Dynamo Kyiv inkatsogola 1-0 mpira uli pafupi kutha. Levon Ishtoyan wa Ararat anabweza chigolicho, nadzamwetsanso china m'nthawi yowonjezera. Patangopita masabata ochepa, Ararat inatenganso ligi. Zikho ziwiri m'chaka chimodzi, timu imene inali isanatengepo n'chimodzi chomwe!

Ena amati Simonyan ndi wa Russia basi, chifukwa atachoka ku Yerevan anaphunzitsa timu ya Soviet Union, nakhala zaka zambiri m'maudindo a bungwe la mpira la Russia. Ine sindigwirizana nawo. Ulendo umenewo anakhala ku Yerevan zaka ziwiri zokha, inde, koma timu imene anaiumba ndi yomweyo inadzafika mu kotafainolo ya European Cup mu 1975, iye atachoka kale. Inagonja 2-0 ku Munich, kenako inakwapula Bayern Munich ya Franz Beckenbauer 1-0 pa Hrazdan, ndipo Bayern ndiyo inatenga chikhocho chaka chimenecho.