Fakitale Siigula Makina Ngati Munthu Wogula Nsapato

Anthu ambiri akhala akuganiza kuti kampani yogulitsa katundu kwa makampani anzake ingochita zomwe amachita wogulitsa nsapato: kuponya zithunzi zokongola pa Facebook, kusonkhanitsa otsatira ambirimbiri, basi makasitomala abwera okha. Si mmene zimayendera.

Wogula nsapato amaona, n'kukopeka, n'kulipira tsiku lomwelo. Koma tiyerekeze kuti fakitale ikufuna makina olongedzera katundu. Injiniya amafuna kudziwa ngati makinawo adzagwirizane ndi omwe alipo kale. Wa zachuma amafunsa kuti ndalamazo zidzabwerera liti. Wogula katundu wa kampani amayerekeza mitengo ya ogulitsa angapo, kenaka bwana ndiye amasaina. Nkhaniyi imatha miyezi, ndipo mwina palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthuwa amene adzadine "like".

Chothandiza n'kuyankha mafunso awo asanakuimbireni n'komwe. Tsamba la pa intaneti lofotokoza kukula kwa makinawo, magetsi omwe amadya, komanso komwe zipangizo zosinthira zimapezeka, ndi lomwe injiniya uja angalipeze akamafufuza pa Google. Nkhani ya kasitomala amene munam'thandiza, yokhala ndi manambala enieni, imakhutiritsa wa zachuma.

LinkedIn, yomwe ndi tsamba la pa intaneti lolumikizira anthu pa nkhani za ntchito ndi bizinesi, imalola kusankha oona malonda anu potengera udindo wawo ndi kampani yomwe amagwirako ntchito. Kumeneko kutsatsa n'kodula, inde, koma wodinayo angakhale yemwe amasaina uja. Imelo nayo, yomwe ena amaiyesa yachikale, ndi imene imam'kumbutsa za inu m'miyezi yodikirayo.