Mipando Inayi Imene Inasowa mu Nyumba ya Malamulo ya 1994

Pa chisankho cha pa 17 May 1994, choyamba cha zipani zambiri chichokereni ulamuliro wa chipani chimodzi, Amalawi anasankha aphungu 177. UDF ya a Bakili Muluzi inapeza mipando 85, MCP 56, AFORD ya a Chakufwa Chihana 36. Kuti chipani chidutsitse mabilu pachokha, chimafunika aphungu 89. Boma linaperewera ndi anayi okha, koma anayiwo ndi amene anavundula ndale za zaka zisanu zonsezo.

Munthu ukayang'ana m'Nyumbamo, unkaona mapu a dziko. Mipando yonse 33 ya kumpoto inapita ku AFORD, osatsalako ndi umodzi womwe. MCP inakolola 51 m'chigawo chapakati, n'kutolako isanu kummwera, kumene kunkachokera a Gwanda Chakuamba, mmodzi wa atsogoleri a chipanicho. UDF inasesa mipando 71 mwa 76 ya kummwera. Amayi analipo 10 basi.

Poyamba a Chihana, omwe anamangidwapo ndi boma la MCP, anadabwitsa anthu pogwirana manja ndi chipani chomwecho. Otsutsa atachulukana chonchi, mpando wa sipikala unagwera a Rodwell Munyenyembe a AFORD. A Muluzi sanachedwe kuona kuti zinthu sizingayende. Pofika September chaka chomwecho anali atakokera AFORD m'boma, ndipo malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti pakhale udindo wa wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, womwe unapatsidwa kwa a Chihana. Kunena zoona, mpandowu unasemedwa poyeza munthu mmodzi.

Ukwatiwo sunakhalitse. Mu 1996 a Chihana anatula pansi udindo, akudandaula za katangale m'boma. Koma nduna zina za AFORD zinakana kutuluka nawo. Galimoto ya unduna siyophweka kuisiya. Zinakhalabe mbali ya boma, ndipo UDF inapeza mavoti omwe imasowa aja popanda kubwerera kwa ovota. MCP ndi AFORD anakwiya n'kunyanyala zokambirana kwa miyezi ingapo mpaka mu 1997, akuti boma likugula aphungu awo ndipo sipikala sakugwiritsa ntchito gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, loletsa kudumpha chipani.

Aphungu omwewa ndi amene mu 1995 anachotsa gawo 64, lomwe limapatsa anthu mphamvu zochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Pa nkhani imeneyi sipanakhale mkangano wa zigawo ayi. Kuyambira pamenepo phungu akanatha kusintha mbali osaopa anthu akwawo, ndipo mkangano wa gawo 65 unadzabukanso mwamphamvu m'nthawi ya a Bingu wa Mutharika, atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP.