Tinatseka kale, nanga ana akudutsira pati?

Ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta ndi netiweki m'sukulu. Funso limene aphunzitsi ndi makolo amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, "Mawebusaiti aja munati mwatseka, nanga ana akulowamo bwanji?" Ena amafunsa nkhope itachita tsinya, ngati ndimagona pantchito. Sindiwadandaula, chifukwa mawu oti "kutseka" amapangitsa munthu kuganiza za chitseko chachitsulo chokhala ndi loko. Chimene timaika ife ndi mpanda, ndipo mpanda uliwonse uli ndi pozembera.

Kompyuta sidziwa dzina ngati youtube.com. Imadziwa manambala okha, otchedwa adiresi ya IP. Mukalemba dzina la webusaiti, kompyuta imayamba yafunsa makina otchedwa DNS, omwe ali ngati kaundula wa mayina ndi manambala ake. Sukulu zambiri zimatsekera pamenepa chifukwa m'posavuta komanso potchipa: mwana akafunsa nambala ya tsamba loletsedwa, kaundula wa sukulu amakana kuyankha, kapena amamulozera ku tsamba lolembedwa kuti "malo ano ndi otsekedwa". Vuto ndi lakuti kaundula sali mmodzi padziko. Google inatsegula wake mu 2009, Cloudflare inatsegula wina mu 2018, ndipo aliyense angathe kuwafunsa kwaulere. Ngati woyang'anira netiweki sanatchinge njira yopitira kwa akaundula akunjawa, mwana amangouza kompyuta kuti izifunsa kwina, basi mpanda wagwa. Masiku ano mabulawuza ena (mapulogalamu otsegulira mawebusaiti) amabisanso funsolo kuti a netiweki asalione. Bulawuza ya Firefox inayamba kuchita zimenezi payokha kwa anthu a ku America mu 2020.

Njira ina ndi ya proxy, yomwe ili ngati kutuma mnzako. Mwana sapita yekha ku tsamba loletsedwa, amapempha tsamba lina losaletsedwa kuti likamutengere. Timatseka limodzi lero, mawa kwabadwa atatu a mayina atsopano, ndipo ana amauzana msanga kuposa mmene mndandanda wathu umasinthira. VPN imaposa pamenepo: imakulunga zonse zimene kompyuta ikutumiza m'phukusi lomata n'kuzipititsa ku makina ena akutali, kumene phukusilo limakamasulidwa. Ndiye pali njira yosafuna nzeru n'komwe, yolumikiza laputopu ku intaneti ya pafoni yake. Apo netiweki ya sukulu ilibe chonena.

Ana ambiri amaganiza kuti akatero sakuoneka. Amaoneka. Za m'phukusi sindingaziwerenge, koma phukusilo ndimaliona: kompyuta imodzi ikutumiza ndi kulandira zinthu zambirimbiri ku adiresi imodzi yachilendo kwa ola lathunthu, pamene anzake onse akutsegula masamba osiyanasiyana. Ndipo zenera la Incognito, limene ana amalikhulupirira kwambiri, limangoletsa bulawuza kusunga mbiri pa kompyutayo. Kwa a netiweki silibisa kanthu.

Komatu chimene chimandisowetsa tulo si masewera kapena mavidiyo amene mwana akuthamangira. Ndi chida chimene wagwiritsa ntchito pozemba. Kuyendetsa VPN kumadya ndalama zambiri, ndiye amene akuipereka ulere amapeza phindu penapake. Mu 2015 zinadziwika kuti Hola, VPN yaulere yomwe inali ndi anthu mamiliyoni, inkagulitsa intaneti ya anthu ake kwa makasitomala ena, moti zochita za munthu wachilendo zinkatha kudutsira pa kompyuta yako n'kumaoneka ngati wachita ndiwe. Onavo, VPN ina yaulere yomwe Facebook inagula mu 2013, inkasonkhanitsa zambiri za mapulogalamu amene anthu akutsegula pafoni, mpaka inachotsedwa mu sitolo ya Apple mu 2018. Amenewa ndi a mayina odziwika. Nanga tsamba la proxy limene mwana wauzidwa ndi mnzake panthawi yopuma, lopanda mwini wodziwika? Chilichonse chimene walemba pamenepo, dzina ndi pasiwedi yomwe, chimadutsa m'manja mwa mwini tsambalo chisanafike kumene chikupita. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndathandizapo ana angapo kulanditsa maakaunti awo amene anabedwa motere, ndipo onse ankalumbira kuti pasiwedi sanauze munthu.

Sukulu zili ndi zifukwa zomveka zotsekera. Pali zolaula, njuga, masamba ofalitsa mavairasi, ndi anthu achikulire osaka ana. Ku America lamulo la m'chaka cha 2000 lotchedwa CIPA limakakamiza sukulu zolandira thandizo la boma pa intaneti kuika zosefera. Palinso chifukwa chosamveka kwambiri kwa makolo: mphamvu ya intaneti ndi yogawana, ndipo ana makumi awiri akamaonera mavidiyo, mphunzitsi wa kalasi ina amalephera kutsegula ngakhale tsamba limodzi.

Koma tiyenera kuvomera mbali yathu. Sefa ndi makina, sadziwa kusiyanitsa. Mu 1996 anthu a m'tauni ya Scunthorpe ku England ankakanizidwa kutsegula maakaunti a kampani ya intaneti ya AOL chifukwa m'kati mwa dzina la tauni yawo muli zilembo zopanga mawu otukwana a Chingerezi, ndipo akatswiri mpaka lero amatchula vutoli ndi dzina la tauniyo. Kusukulu zimachitika tsiku ndi tsiku. Mwana wofufuza za khansa ya m'mawere kapena za kutha msinkhu amapeza tsamba latsekedwa. Mphunzitsi amapereka ntchito yofuna vidiyo ya pa YouTube, pamene YouTube yonse ndi yotseka. Mwa ana amene ndawagwira ndi VPN, ambiri ndithu anayamba chonchi, akufuna kumaliza ntchito ya m'kalasi. Mnzawo anawaonetsa pozembera, ndipo atadziwa njirayo sanabwererenso pachipata. Malangizo a boma la England okhudza chitetezo cha ana m'sukulu amachenjeza za kutseka mopyola muyeso, ndipo ine ndimagwirizana nawo.

N'chifukwa chake mphunzitsi wamkulu akandiuza kuti ndimange mpanda wautali, ndimayamba ndamufunsa kuti mwana akapempha kuti tsamba litsegulidwe, yankho limatenga nthawi yaitali bwanji. Ngati ndi milungu iwiri ndi mafomu atatu, VPN idzapambana, chifukwa iyo imayankha m'mphindi imodzi. Zaluso timachita ndithu: makompyuta a sukulu timawakhoma kuti mwana asaikemo pulogalamu, akaundula akunja timawatchinga, mafoni a ana timawapatsa netiweki yawoyawo yosakhudzana ndi ya ku ofesi. Kupatula apo, Lachisanu lililonse ndimakhala pansi n'kuwerenga mndandanda wa masamba amene sefa yakana mlungu umenewo. Masewera amakhalamo ambiri, inde. Koma pakati pake ndimapezamo dikishonale, tsamba la zaumoyo, nyuzipepala, ndipo amenewo ndimawatsegula ndisanaweruke.